Kuona maselo amoyo osawapaka utoto: phase contrast, DIC, QPI kapena za leza zija?

Aliyense amene anaikapo mbale ya maselo amoyo pa maikulosikopu wamba amadziwa zimene zimachitika, umayang'ana umangoona mbee, uzunguze fokasi uku ndi uku mpaka mwina penapake kamzere kofooka kaonekere. Maselo alimo ndithu, kungoti selo ndi madzi pafupifupi 70 peresenti ndipo silimeza kuwala kwenikweni nde kuwalako kumangodutsa ngati palibe kanthu. Ambiri amathamangira kupaka utoto kapena kumangirira GFP, puloteni yowala mobiriwira, ku puloteni imene akuifuna, ndipo sindikunyoza ayi, GFP inasintha kafukufuku wa maselo yense, mpake kuti Shimomura, Chalfie ndi Tsien analandira Nobel mu 2008. Koma ili ndi mavuto ake. GFP ndi chinthu cha ma amino acid 238, ukachimangirira ku puloteni yaing'ono nthawi zina puloteniyo imasiya kugwira ntchito bwino, utoto ngati Hoechst umakakamira pa DNA ndipo ukamauwalitsa mobwerezabwereza maselo amadwala ena amasiya kugawikana, komanso kuwala kwa utotowo kumazilala uli mkati mojambula. Ndiye pali maselo ena oti sungawapake n'komwe, monga mluza wa IVF, wopangidwa pophatikiza dzira ndi umuna mu labu, umene ukabwezedwe m'chiberekero, kapena maselo amene akukulitsidwa mu labu kuti akapatsidwe kwa wodwala.

Njira zosapaka utoto zilipo zambiri, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa ndi choti anthu amaziona ngati zonse ndi zofatsa kwa selo chifukwa choti mulibe utoto. Si choncho. Zina ndi zofatsa zedi koma sizikuuzani kuti kadontho mukuonako ndi ka chani, zina zimakuuzani mpaka makemikolo a mkati mwa selo koma zimalithira mphamvu ya leza yoti ikhoza kuliwononga. Posankha muziyang'ana pamenepo, kuti funso lanu likufunika kudziwa zambiri bwanji ndipo maselo anu angapirire zochuluka bwanji.

Kaye timvetse chinthu chimodzi chifukwa phase contrast, DIC ndi QPI zonse zatsamira pamenepo. Kuwala kumayenda ngati mafunde ndipo kukalowa m'chinthu chokhuthala kuposa madzi kumachepetsa liwiro. Nambala yosonyeza mmene chinthu chimachepetsera liwiro la kuwala amati refractive index, ya madzi ndi 1.33, mkati mwa selo ndi cha m'ma 1.36 mpaka 1.39, kusiyana kwake n'kochepa koma kumakwanira kuti funde lodutsa m'selo lituluke litatsalira pang'ono poyerekeza ndi lodutsa pambali. Diso ndi kamera siziona kutsalira kumeneku, zimangoona kuti apa pawala apa padera. Nde ntchito yonse ndi kusandutsa kuchedwa kuja kuti kukhale mdima ndi kuwala.

Amene anayamba kuthana nazo ndi Frits Zernike wa ku Groningen, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo analandira nazo Nobel mu 1953. Phase contrast yakeyo ili ndi kamphete mu kondensa (lenzi yowalitsa sampulo) kamene kamatumiza kuwala mozungulira, ndi kamphete kena mkati mwa objective (lenzi yoyang'anira sampulo) kamene kamagwira kuwala kodutsa osakhudzidwa ndi selo, n'kukusuntha ndi kota ya funde komanso kukuchepetsa mphamvu. Kukakumananso ndi kuwala kumene selo lamwaza, mafunde awiriwo amafafanizana ndipo selo limaoneka lakuda pamalo otuwa. Basi, palibe leza palibe kompyuta. N'chifukwa chake labu iliyonse yokulitsa maselo ili nayo, ndi yotchipa poyerekeza ndi zinazi, imadutsa m'mbale za pulasitiki popanda vuto, imafuna kuwala kochepa moti mukhoza kujambula masiku angapo maselo ali bwinobwino. Kuona ngati maselo adzaza mbale, ngati akuyenda, ngati akugawikana, ngati mwalowa mabakiteriya, zonsezi phase contrast imakwanitsa ndipo ine ndinganene kuti mafunso ambiri a tsiku ndi tsiku amathera pomwepa.

Zovuta zake ndi zodziwika. Mozungulira selo lililonse pamabwera kuwala koyera kuja amati halo, ndipo selo likakhala lokhuthala kapena lozungulira, ngati limene lili pakati pogawikana, halo imakula mpaka kubisa malire enieni. Chinthu chachikulu chofanana mkati monse chimaoneka chotuwa pakati ngati mulibe kanthu. Ndiye musayese kuyeza kukhuthala kwa selo pogwiritsa ntchito mdima wa phase contrast, sizigwirizana. Chinanso chimene chimavutitsa anthu ndi mbale za timabowo 96 zija, madzi a m'kabowo amapindika pamwamba pake n'kukhala ngati lenzi, kamphete ka kondensa sikagweranso pa kamphete ka objective, pakati pa kabowo chithunzi chili bwino koma m'mphepete chatha. Ndipo kawirikawiri munthu akamadandaula kuti phase contrast yake ndi yoipa, ukafufuza umapeza timphete tiwiri tija sitinalunjikitsidwe kapena kawalitsidwe ka sampulo kotchedwa Köhler sikanaikidwe bwino, zinthu zoti zimakonzeka m'mphindi zochepa.

DIC, kapena kuti differential interference contrast, ndi ya Georges Nomarski, wobadwira ku Poland amene ankagwira ntchito ku France, m'zaka za m'ma 1950. Iyi imatenga kuwala kwa polarized, kumene mafunde ake amagwedezeka molunjika mbali imodzi yokha, n'kukugawa pawiri ndi prism, timizere tiwiri todutsa moyandikana kwambiri m'sampulo, kenako prism ina imatiphatikizanso. Pamene pali kutsetsereka, kaya selo likukhuthala kaya refractive index ikusintha, kamzere kamodzi kamachedwa kuposa kanzake ndipo mbali imodzi imawala ina imada, chithunzi chimaoneka ngati chili ndi zitunda ndi zigwa. Ndi chokongola zoona, chilibe halo, ndipo popeza imagwiritsa ntchito lenzi yonse osati kamphete chabe, imaona zinthu zing'onozing'ono bwino komanso imatha kudula kagawo kopyapyala m'sampulo yokhuthala. John Sulston anakhala pa maikulosikopu ya Nomarski kutsatira kugawikana kwa selo lililonse la kanyongolotsi ka C. elegans, mpaka anadziwa kumene maselo onse 959 a thupi lake amachokera ndi kuti 131 amafa mwadongosolo, ntchito imene inathandiza kuti iye, Brenner ndi Horvitz alandire Nobel mu 2002. Popanda utoto uliwonse. Kenako Robert Allen ndi Shinya Inoué mu 1981 anaonetsa kuti ukalumikiza kamera ya vidiyo n'kukweza kontrasiti pa makina umatha kuona zinthu zimene diso silingaone, mpaka ma microtubule, ulusi wa mkati mwa selo, amene kukhuthala kwake ndi ma nanomita 25 okha, ndipo ndi njira imeneyi imene inathandiza Vale, Reese ndi Sheetz kupeza kinesin, puloteni yonyamula katundu pa ma microtubule, mu 1985 kuchokera mu mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid.

Koma zitunda zijazi si zenizeni, muzikumbukira zimenezo. Kadontho ka mafuta kamaoneka kotukuka, kathumba ka madzi kamaoneka kolowa, pomwe zonse zili mkati mwa selo. Mthunziwo umatsatanso mbali imodzi, ulusi umene wagona motsata mbali imeneyo umasowa, mpaka mutembenuze sampulo. Vuto lalikulu kwa okulitsa maselo ndi pulasitiki, mbale wamba za polystyrene zimasokoneza polarization ndipo chithunzi chimawonongeka, nde mumafunika mbale za galasi pansi la 0.17 mm zomwe ndi zodula komanso maselo ena samata bwino pagalasi. Apa ndi pamene Hoffman modulation contrast imalowera, ya Robert Hoffman mu 1975, imapereka mthunzi wofanana ndi wa DIC koma pogwiritsa ntchito kampata ndi sefa ya magawo atatu m'malo mwa ma prism, pulasitiki siisokoneza. Siiona tinthu tochepetsetsa ngati DIC, koma m'malabu a IVF pobaya umuna m'dzira ndi imene amaikonda chifukwa dzira lili m'mbale ya pulasitiki ndipo amafuna kuona malire ake ndi nsonga ya singano bwino.

Dark field ndingoidutsa mwachangu. Kuwala kumabwera chammbali, kolowa mu lenzi ndi kokhako kumene chinthu chamwaza, nde tinthu topyapyala timanyezimira pamdima. Landsteiner ndi Mucha anaigwiritsa ntchito mu 1906 kuonera kachilombo ka chindoko kamoyo, ndipo kwa mabakiteriya opyapyala ngati amenewo ndi yabwino mpaka lero. Kwa maselo a nyama siithandiza kwenikweni, fumbi lililonse limawala ndipo mkati mwa selo simuoneka bwino. Polarized light payokha nayo ili ndi malo ake ochepa koma ofunika, imaona zinthu zondandalikana mwadongosolo, Inoué anaonetsa nayo mu 1953 kuti ulusi wa spindle, umene umakoka ma chromosome selo likamagawikana, ulipodi m'maselo amoyo pamene ena ankaganiza kuti umabwera chifukwa cha mankhwala oumitsira sampulo.

Tsopano QPI (quantitative phase imaging), imene kwa ine ndi pamene pali phindu lalikulu kwa anthu ambiri amene sanaiyesepo. Phase contrast ndi DIC zimakupatsani chithunzi choyang'ana, QPI imakupatsani nambala pa pikselo iliyonse, kuti funde lachedwa mochuluka bwanji pamenepo. Njira zake ndi zingapo, digital holographic microscopy imagawa leza pawiri, kwina kudutse m'sampulo kwina kudutse pambali, kamera ijambule mizere imene imabwera zikakumana, kompyuta iwerengere, ndipo maganizo a holography anayamba ndi Dennis Gabor mu 1948. SLIM ya gulu la Gabriel Popescu ku Illinois imamangidwa pamwamba pa phase contrast yomwe ija ndi kuwala koyera. Ina imangojambula zithunzi zingapo pa mafokasi osiyana n'kuwerengera. Chosangalatsa ndi ichi, kuyambira 1952 Barer komanso Davies ndi Wilkins anaonetsa kuti refractive index imakwera molingana ndi kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, ndipo pa mapuloteni ambiri kakweredwe kake ndi kofanana, cha pa 0.18 mL pa galamu. Nde ukaphatikiza kuchedwa konse kwa m'dera la selo umapeza kulemera kwa selo kuchotsa madzi, m'ma pikogalamu, selo lili lamoyo likudya likukula. Mukhoza kutsatira selo limodzi kuyambira pobadwa mpaka pogawikana n'kuona mmene likulemerera, mukhoza kuthira mankhwala a khansa n'kuona maselo amene asiya kukula asanayambe kufa n'komwe. Kuwala kwake n'kochepa ngati kwa phase contrast. Ndipo popeza selo limaoneka loyera pamalo akuda opanda halo yeniyeni, kompyuta imalekanitsa maselo mosavuta.

Pamafunika kusamala pawiri. Choyamba nambala ija ndi kukhuthala kuchulukitsa ndi kusiyana kwa refractive index, zinthu ziwiri zosakanikirana, selo lopyapyala lodzaza ndi selo lokhuthala lamadzimadzi zikhoza kupereka nambala imodzi. Pa kulemera zilibe vuto koma pa kutalika kwa selo zili nalo, ndipo pulogalamu ikakupatsani kutalika m'ma maikulomita dziwani kuti penapake yangoganizira refractive index. Chachiwiri ndi phokoso la leza, timadontho ndi mizere yochokera ku fumbi ndi magalasi, zimene njira za kuwala koyera kapena LED zimachepetsa. Holotomography imathetsa vuto loyambalo pojambula kuchokera mbali zambiri n'kumanga mapu a 3D a refractive index, masamu ake anaikidwa ndi Emil Wolf mu 1969 ndipo pano makampani ngati Tomocube ndi Nanolive amagulitsa makina ake. Timadontho ta mafuta timaoneka bwino kwambiri chifukwa index yake ndi yokwera, nucleolus imaoneka, nthawi zina ndi ma mitochondria omwe. YongKeun Park ndi anzake mu 2008 anagwiritsa ntchito njira zoterezi poyeza maselo ofiira a magazi olowedwa ndi Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo, kuona hemoglobin ikuchepa ndi khungu la selo likusintha kanjenjemeredwe kake. Koma lenzi singaone kuchokera mbali zonse, nde zinthu zimaoneka zotalikirako kuchokera pansi kupita m'mwamba, ndipo sampulo ikakhuthala ngati organoid, kachiwalo kakang'ono kokulitsidwa mu labu, kuwala kumamwazika kangapo masamu aja amayamba kuvutika.

Zonse zimene ndatchulazi zili ndi malire amodzi, sizidziwa mamolekyu. Puloteni iyi ndi iyo kwa izo ndi chimodzimodzi. Mukafuna makemikolo mwalowa ku gulu lina, la ma leza othwanima mwakanthawi kochepetsetsa mobwerezabwereza, lodula kwambiri ndipo lofuna munthu wodziwa kulisamalira.

Yoyamba ndi autofluorescence, kugwiritsa ntchito kuwala kumene selo limatulutsa palokha. NADH, NADPH ndi FAD ndi mamolekyu a metabolism ya selo, awiri oyambawo amawala mwa buluu pa utali wa funde wa cha ku 460 nm, FAD cha ku 530 nm, ndipo Britton Chance anaonetsa kalekale kuti kuwala kumeneku kumasintha malinga ndi mmene selo likupangira mphamvu. Vuto linali loti NADH imafuna UV ya cha pa 340 nm imene imawononga maselo. Two-photon ya Denk, Strickler ndi Webb mu 1990 ku Cornell inasintha zinthu, mumagwiritsa ntchito leza ya cha pa 740 nm, ma photon, tizigawo ta kuwala, awiri amagunda nthawi imodzi pa fokasi pokha, ndipo kuwalako kumalowa mwakuya m'minofu. Mukawonjezera FLIM (fluorescence lifetime imaging) mumayeza nthawi imene molekyu imakhala isanatulutse kuwala, NADH yoyenda yokha cha pa 0.4 nanosekondi, yogwidwa ndi enzyme nthawi yotalikirapo, ndipo apo mumasiyanitsa maselo odalira glycolysis, kuphwanya shuga mosadalira oxygen, ndi odalira ma mitochondria. Ndi yamphamvu, koma chizindikiro chake n'chofooka nde munthu amakopeka kukweza leza, ndipo NADH ikamawalitsidwa imapanga ma oxygen oyipa aja amene amasokoneza metabolism yomwe mukuyezayo. NADH ndi NADPH kuzilekanitsa ndi mtundu wa kuwala sizitheka. Ngakhale madzi okulitsira maselo amawala okha, riboflavin ndi seramu zimawonjezera kuwala kumbuyo ndipo phenol red imasokonezanso.

SHG ndi THG (second ndi third harmonic generation) zimayenda pa makina omwewo. Mu SHG ma photon awiri amasanduka imodzi ya theka la utali wa funde, 800 nm kulowa 400 nm kutuluka, ndipo zimachitika pokhapokha zinthu zitandandalikana molunjika mbali imodzi, monga collagen, myosin ya m'minofu ndi mitolo ina ya ma microtubule. Palibe mphamvu yotsala mu molekyu nde sizizilala. Ngati funso lanu ndi la collagen wozungulira chotupa kapena ma sarcomere a maselo a mtima, palibe ina yoposa iyi, koma pa maselo wamba ogona m'mbale mudzangoona mdima. THG imawala pamalire a zinthu ziwiri zosiyana, makamaka mafuta ndi madzi, imafuna leza ya cha ku 1200 nm kapena kuposa, ndipo ndi yabwino pa miluza ndi minofu yamoyo.

Raman ndiye imadziwadi makemikolo. C. V. Raman anapeza mu 1928 ku Calcutta kuti kuwala kochepa kukagunda molekyu kumatuluka kutasintha mtundu malinga ndi kanjenjemeredwe ka molekyuyo, analandira Nobel mu 1930. Kochepa kwenikweni, photon imodzi mwa mamiliyoni ambiri, nde chithunzi chimodzi cha selo chimatenga mphindi zambiri ndipo selo lamoyo silikudikirani, limasuntha. Pali njira ziwiri zofulumizitsa Raman: CARS, imene gulu la Sunney Xie linaitsitsimutsa mu 1999, ndi SRS ya mu 2008 zimagwiritsa ntchito ma leza awiri amene kusiyana kwake kwalunjikitsidwa pa kanjenjemeredwe kamodzi, ndipo liwiro limakwera mpaka kufika la vidiyo. Pa 2845 cm⁻¹ mumaona CH2 ya mafuta, cha pa 2930 mumaona CH3 ya mapuloteni. CARS ili ndi kuwala kwa kumbuyo kosachokera ku molekyu imene mukufuna, kumene kumapotoza zotsatira, SRS ilibe vuto limenelo ndipo chizindikiro chake chimakwera molingana ndi kuchuluka kwa molekyu, n'chifukwa chake ine ndikanakhala ndi mwayi wosankha ndikanatenga SRS. Koma zonse ziwiri zimaona zinthu zimene zili zambiri m'selo, mafuta, mapuloteni onse pamodzi, madzi, DNA pang'ono. Puloteni imodzi yosowa simungaione. Ndipo mphamvu yofika pa sampulo imakhala m'ma miliwati makumi angapo pa kadontho kochepetsetsa, kujambula kamodzi kapena kangapo selo limapirira, kujambula mphindi zisanu zilizonse kwa masiku awiri ndi nkhani ina.

Nde mukaziika pamodzi zimagawikana motere mmene ine ndimaonera. Wofuna kudziwa ngati maselo ali bwino, akuyenda, akudzaza, atenge phase contrast ndipo asachite manyazi kuti ndi yakale. Wa miluza, tinyongolotsi, yisiti, kapena wofuna malire akuthwa pagalasi, DIC, ndipo ngati ndi pulasitiki Hoffman. Wofuna manambala a kakulidwe kwa masiku ambiri, QPI, ndipo ndikuona kuti malabu ambiri amene amapha maselo pa nthawi iliyonse kuti ayeze kakulidwe akanapindula nayo kwambiri chifukwa mumatsatira selo lomwelo m'malo moyerekeza magulu osiyana. Za leza zija muzipiteko pamene funso lanu latchula dzina la chinthu, mafuta, collagen, NADH, osati chifukwa makinawo alipo. Wofuna kuona puloteni imodzi yodziwika kumene ili m'selo, tinene zoona, fluorescence, ya utoto wowala ndi GFP ija, ikadali patsogolo, iSCAT, njira yoona kuwala kumene tinthu tochepetsetsa timamwaza, imatha kuona ngakhale puloteni imodzi pagalasi loyera koma mkati mwa selo zinthu zomwaza kuwala n'zochuluka moti kudziwa kuti ichi ndi chiti n'kovuta.

Pali nkhani yatsopano yoti kompyuta iziphunzitsidwa kulosera chithunzi cha fluorescence kuchokera ku chithunzi chopanda utoto, gulu la Google ndi la Allen Institute for Cell Science onse anatulutsa ntchito zotere mu 2018. Pa nyukiliyasi ndi zinthu zazikulu imachita bwino ndipo imathandiza powerenga maselo. Koma chimene imatulutsa ndi kulosera, ikakumana ndi maselo a mtundu wina, lenzi ina, kapena mankhwala amene asintha maonekedwe a selo mwanjira imene sinaionepo, ikhoza kujambula chinthu chooneka bwino chimene kulibe, ndipo pa chithunzicho sipaoneka chenjezo lililonse. Ngati mukuigwiritsa ntchito, pakani utoto weniweni pa timabowo tingapo pa kuyesa kulikonse kuti muziyerekeza.

Njira iliyonse imene mwasankha, siyani kabowo kamodzi m'mbale yomweyo, pa kutentha komweko kwa 37 °C ndi CO2 yomweyo, koma osakawalitsa mpaka pamapeto. Kenako yerekezani, maselo amene mwakhala mukujambula agawikana kangati, akuyenda liwiro lomwelo, ayamba kutupa timatuza m'mphepete kapena kuima pakati pogawikana? Ngati pali kusiyana chepetsani mphamvu, talikitsani nthawi pakati pa zithunzi, ndipo pa njira zodutsitsa kuwala ikani sefa yofiira kapena LED yofiira m'malo mwa kuwala kwa buluu komanso shata izitseka pamene kamera sikujambula.